Mzere wa matumba pa chigayo: kodi queue yanga ndiimange motani?

Wophunzira wa ku Mpondasi

Moni nonse a m'gulu lino. Ine ndikuphunzira za makompyuta, ndipo pa tchuthi chino ndikuthandiza amalume anga pa chigayo chawo kuno ku Mpondasi. Anthu amabwera m'mamawa, amasiya matumba a chimanga pakhonde n'kupita kumsika pa Boma, ndipo akamabwerera masana aliyense amalumbira kuti iye ndiye anayamba kufika. Mlungu wathawu amayi awiri anatsala pang'ono kugwirana chifukwa cha thumba limene mnyamata wosesa analisuntha. Choncho ndinalemba kapulogalamu m'chilankhulo cha makompyuta cha Python pa laputopu yakale ya amalume. Thumba likafika timalipatsa nambala, nambalayo timailemba pathumba ndi cholembera chosafufutika, ndipo pulogalamu imatiuza thumba lotsatira. Ndinagwiritsa ntchito list wamba: polowetsa ndimachita append, potulutsa ndimachita pop(0). Kapulogalamuko kakuyenda bwino, koma mnzanga wina wandiuza kuti pop(0) ndi kulakwitsa, osandifotokozera chifukwa chake. Komanso temu ikubwerayi tidzalemba mayeso omanga queue (mzere wodikira) ndi array m'chilankhulo cha C, ndiye ndikufuna kumvetsa zimene zimachitika mkatimo, osati kungoloweza.

Mphunzitsi wa ku Namwera

Mwana wathu wa ku Mpondasi, mwafunsa bwino. Lamulo la queue ndi limene amalume anu akulifuna pakhondepo, lakuti woyamba kufika ndiye woyamba kuthandizidwa, ndipo m'mabuku limalembedwa mwachidule kuti FIFO. Mnzanuyo sanakunamizeni, kungoti anakusiyani panjira. List ya Python mkati mwake ndi array, kutanthauza malo ondondozana mu memory, ndipo malo oyamba saloledwa kukhala opanda kanthu. Mukachotsa chinthu cha pamalo 0, zonse zotsala zimasunthidwa sitepe imodzi kuti zitseke mpatawo. Zili ngati kuti mnyamata wanu wosesa uja, thumba limodzi likangolowa m'chigayo, anyamule matumba onse otsala limodzilimodzi kuwasendeza kufupi ndi khomo. Matumba akakhala 40, kuwatulutsa onse kumafuna kusuntha ka 780, koma akakhala 100,000 kusunthako kumafika pafupifupi 5 biliyoni, chifukwa ntchitoyo imakula monga n kuchulukitsa ndi n, pamene n ndi chiwerengero cha matumba. Njira yoyenera mu Python ndi deque ya mu collections, mzere wolola kulowetsa ndi kutulutsa mbali zonse ziwiri, imene inabwera ndi Python 2.4 m'chaka cha 2004. Polowetsa mumachitabe append, koma potulutsa mumachita popleft, ndipo nthawi yake sisintha kaya mzere ndi wautali kapena waufupi.

Wokonza mafoni pa Boma

Aphunzitsi, pepani, koma ine ndikuona kuti tikumuopseza mlongo wathuyu ndi manambala amene sadzawaona. Palibe chigayo ku Mangochi kuno chimene chingalandire matumba 100,000, ngakhale m'nyengo yokolola. Kusuntha ka 780 laputopu iliyonse imakumaliza munthu asanaphethire. Achemwali, sinthani mizere iwiri ya m'pulogalamu yanuyo kuti mugwiritse ntchito deque chifukwa sizikudyerani nthawi, koma musaganize kuti pop(0) ndiyo idzakugwetseni. Chimene chidzakugwetseni ndi magetsi, ndipo ndibweranso pa nkhani imeneyi ndikatseka shopu.

Mphunzitsi wa ku Namwera

Sindikukutsutsani achimwene, pa chigayopo kusiyanako sikungaoneke. Koma mwanayu wanenanso za mayeso a C, ndipo kumeneko kulibe deque yomudikira. Tiyeni tikambe za array yozungulira, imene ena amaitcha ring buffer.

Ophunzira anga ndimawafotokozera ndi bawo. Munthu mmodzi pa bawo amakhala ndi mizere iwiri ya maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 16, ndipo akamagawa timiyala n'kufika pa dzenje lomaliza satulukira kunja kwa thabwa, amakhota n'kupitiriza kuzungulira. Array yanu muione chimodzimodzi. Mukhale ndi manambala awiri, ine ndimawatcha mutu ndi mchira. Mutu ukuloza dzenje limene muli thumba lotsatira kugayidwa, mchira ukuloza dzenje lopanda kanthu limene thumba latsopano lidzalowamo. Polowetsa mumaika thumba pa mchira, kenako mumalemba mchira = (mchira + 1) % 16. Potulutsa mumatenga cha pa mutu, kenako mutu = (mutu + 1) % 16. Chizindikiro cha % chimapereka chotsala tikagawa, ndiye mchira ukakhala pa 15, 16 kugawa ndi 16 sikutsala kanthu, ndipo umabwerera pa 0. Palibe thumba limene likusunthidwa. Chikuyenda ndi zala ziwiri zolozazo basi.

Ndikusiyirani funso kuti mugone nalo: mudzadziwa bwanji kuti maenje onse adzaza?

Wophunzira wa ku Mpondasi

Zikomo kwambiri aphunzitsi. Ndayesa papepala ndi maenje anayi okha. Poyamba mutu uli pa 0, mchira uli pa 0, ndipo mulibe kanthu. Ndalowetsa matumba anayi, mchira wapita pa 1, pa 2, pa 3, kenako wabwerera pa 0. Tsopano mutu ndi mchira zakumananso pa 0 monga poyamba paja, chonsecho maenje onse ndi odzaza. Ndiye kuti pulogalamu iganiza kuti mulibe kanthu, ndipo thumba lachisanu lifufuta loyamba lija. Kodi ndalakwitsa powerengera?

Mphunzitsi wa ku Namwera

Simunalakwitse, mwagwira pamene pamagwera ophunzira ambiri pa mayeso. Njira zodziwika zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kusunga nambala yachitatu yowerenga matumba amene ali mkati, kuiwonjezera polowetsa ndi kuichepetsa potulutsa. Ikakhala 0 mulibe kanthu, ikafanana ndi kukula kwa array ndiye kuti mwadzaza. Yachiwiri ndi kusiya dala dzenje limodzi lopanda kanthu, n'kunena kuti mwadzaza pamene (mchira + 1) % 16 yafanana ndi mutu, kutanthauza kuti maenje 16 asunga matumba 15 okha. Pa mayeso ine ndingasankhe yoyamba chifukwa woyika malikisi amaiwerenga mosavuta.

Katswiri wa zamagetsi wa ku Monkey Bay

Ndilowepo pang'ono, aphunzitsi, chifukwa njira yachiwiriyo ndi imene ndimakumana nayo tsiku ndi tsiku, ndipo ili ndi chifukwa chake chomveka. Ine ndimamanga tizipangizo toyezera kutentha m'mafiriji osungira nsomba kuno kunyanja, ndipo ndimagwiritsa ntchito kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino Uno. Kachipangizo kameneka kali ndi memory ya 2 KB yokha, ndipo malo olandirira uthenga pa serial ndi array yozungulira ya mabayiti 64, imene imasiya amodzi opanda kanthu, choncho imasunga 63. Ubwino wa kusiya dzenje ndi wakuti mbali yolowetsa imasintha nambala yake yokha, mbali yotulutsa nayo imasintha yake yokha, palibe nambala imene onse awiri akuilimbirana. Mukaika nambala yowerenga ija, onse awiri ayenera kuigwira, ndipo interrupt (chizindikiro chodula pulogalamu pakati kuti uthenga ulandiridwe) ikabwera pakati pa kuwerenga ndi kulemba, chiwerengero chimasokonekera mwakachetechete.

Chinthu china chimene mayeso safunsa kawirikawiri, koma ntchito imafunsa, ndi chakuti mukadzaza mudzatani. Pa Arduino, malo akadzaza, mabayiti atsopano amangotayidwa osakuuzani. Deque ya Python mukaipatsa maxlen, malire a kukula kwake, imachita zosemphana ndi zimenezi: mukachita append itadzaza kale, imataya chinthu chakale kwambiri, cha kumutu. Kwa ine zimenezo n'zabwino chifukwa ndimafuna miyezo 60 yomaliza, yakale ilibe ntchito. Koma pa chigayo, achemwali, musayerekeze kuika maxlen, chifukwa thumba limene lidzasowe m'pulogalamu ndi la mayi amene anafika tambala asanalire.

Mnyamata wa ku Makawa

Bwanji osangogwiritsa ntchito linked list kuti nkhani yodzazayi ithe? Thumba lililonse likhale ndi pointer yoloza lotsatira, musunge pointer ya kumutu ndi ya kumchira, ndipo mzere ukule mmene ungakulire.

Katswiri wa zamagetsi wa ku Monkey Bay

Zimatheka achimwene, ndipo pa kompyuta yaikulu palibe chovuta. Koma thumba lililonse likufuna malloc (kupempha malo mu memory) polowa ndi free (kuwabweza) potuluka, kuphatikizapo malo a pointer, amene pa kompyuta ya 64-bit ndi mabayiti asanu ndi atatu. Pa 2 KB yanga ija sindingayerekeze. Ndipo linked list nayo ili ndi msampha wake. Ndikuphunzira ndinataya usiku wonse pa pulogalamu imene inkayenda bwino mpaka mzere utatha, kenako n'kufa pa chinthu choyamba cholowa pambuyo pake. Potulutsa chinthu chomaliza ndinkasuntha mutu kukhala NULL, kutanthauza kuti sukuloza kanthu, koma mchira ndinkauiwala, ndiye unkalozabe malo amene ndinali nditawabweza kale ndi free. Cholowa chatsopano chinkalumikizidwa ku maliro amenewo, mutu uli chikhalire pa NULL. Mankhwala ake anali mzere umodzi wokha wa pulogalamu: mutu ukakhala NULL, mchira nawo ukhale NULL. Kuyambira pamenepo, queue iliyonse ndikaimanga ndimaiyesa motere: kulowetsa chimodzi, kuchitulutsa, kulowetsanso china, n'kuona ngati chikutuluka.

Wophunzira wa ku Mpondasi

Ndasintha n'kuika deque, ndipo za array yozungulira ndazilemba m'kope. Koma lero kwachitika zinthu ziwiri zimene zandisokoneza. Cha m'ma 10 koloko kunabwera anyamata ndi matumba atatu a pamaliro, ndipo amalume sanayang'ane n'komwe laputopu, anangolamula kuti agayidwe pomwepo, ndipo panalibe amene anadandaula chifukwa aliyense akudziwa kuti ufa wa pamaliro sudikira. Ine ndinawalowetsa ndi appendleft, koma anatuluka chambuyo: lachitatu linayamba, loyamba linatsirizira. Chachiwiri, bambo wina anatopa kudikira, anakweza thumba lake pa kabaza n'kupita ku chigayo china, koma nambala yake inatsala pakati pa mzere. Kodi imeneyi ikadali queue?

Mphunzitsi wa ku Namwera

Matumba anatuluka chambuyo chifukwa kulowetsa ndi kutulutsa mbali imodzimodzi ndi khalidwe la stack, pamene womaliza kulowa ndiye amayamba kutuluka. Chimene amalume anu akuchita chimatchedwa priority queue, mzere umene ofunika kwambiri amayamba kuthandizidwa. Mu Python muli heapq, imene inamangidwa pa binary heap, njira imene J. W. J. Williams anaifalitsa m'chaka cha 1964. Kulowetsa ndi kutulutsa kumatenga masitepe okwana pafupifupi log n. Chenjezo ndi lakuti heap sikumbukira amene anayamba kufika pakati pa zinthu za mlingo wofanana. Choncho muziika zinthu zitatu pamodzi motere: (mlingo, nambala, thumba), mlingo 0 wa pamaliro, mlingo 1 wa wina aliyense. Python ikapeza milingo yofanana imayang'ana nambala, ndipo popeza manambala sabwerezedwa, sifika poyerekeza matumba enieniwo. Mukasiya nambalayo, ndipo thumba lanu ndi dict, mtundu umene Python 3 siitha kuusanja, pulogalamu idzaima ndi uthenga wa vuto wa TypeError pa matumba awiri oyamba a mlingo umodzi.

Mayi wolemba mapulogalamu wa ku Malindi

Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, heap pa milingo iwiri yokha ndi kupha nyerere ndi mpini. Ine ndingaike ma deque awiri, wina wa pamaliro, wina wa anthu onse. Pofuna thumba lotsatira, yambani mwayang'ana woyambayo. Ngati mulibe kanthu, tengani mwa wachiwiri. Mzere uliwonse ukusunga dongosolo lake wokha, ndipo mtsikanayu akadzabwerera kusukulu, amene adzatsale ndi laputopuyo adzatha kuwerenga n'kumva. Heap idzakhala ndi phindu milingo ikadzachuluka.

Koma ndikufuna tiganizire chinthu chimene chimabwera ndi kudumphitsana kulikonse. Lero ndi maliro, ndipo palibe wotsutsa. Mawa adzabwera a chinkhoswe, mkuja a sadaka, kenako wogulitsa nsima pa depoti amene amagayitsa tsiku lililonse adzati nayenso ndi kasitomala wamkulu. Mzere wapamwamba ukapanda kuuma, gogo amene ali ndi ndowa imodzi adzafika madzulo asanagayitse, ngakhale pulogalamu isanalakwitse paliponse. M'mabuku a operating system vutoli limatchedwa starvation, ndipo mankhwala ake amodzi ndi kukweza mlingo wa amene wadikira nthawi yaitali. Pa chigayo mungathe kungoika lamulo lakuti pakadutsa matumba atatu odumpha, lotsatira lichokere mumzere wamba. Lamulo limenelo si lanu kuliika nokha, mukambirane ndi amalume anu, chifukwa anthu akadzakwiya adzapita kwa iwo.

Za bambo wa pa kabaza uja, deque ili ndi remove, imene imafufuza kuyambira kumutu mpaka itapeza, ndipo pa matumba 40 n'zokwanira. Njira ina ndi kusachotsa kanthu pakati: nambala ya wochokayo muilembe mu set, mndandanda wapadera wa ochoka, ndipo ikadzafika kumutu muidumphe.

Mnyamata wa ku Makawa

Popeza tikukamba za kudikira, pali masamu ake enieni. A. K. Erlang anayamba kuwalemba m'chaka cha 1909 akugwira ntchito ku kampani ya matelefoni ku Copenhagen, ndipo lamulo la John Little la m'chaka cha 1961 limati chiwerengero cha odikira ndi liwiro la obwera kuchulukitsa ndi nthawi imene aliyense amakhala pamzere. Mungathe kumauza anthu nthawi yoti abwerere.

Woyang'anira gulu

Achimwene a ku Makawa, mfundoyo ndi yabwino, koma muitsegulire mutu wakewake. Pano tipitirize ndi kamangidwe ka queue.

Wokonza mafoni pa Boma

Ndabwera monga ndinalonjezera. Zonse zimene zakambidwa pamwambapa, deque, heap, array yozungulira, zimakhala mu memory, ndipo laputopu ikazima zimapita nayo. Malaputopu akale amene amabwera pa shopu panga ambiri batire lake linafa kalekale, ukangosolola chingwe azima. Magetsi akathima chigayo chimaima, anthu amabalalika, ndipo nthawi imene mudzafunitsitse kudziwa amene anali patsogolo ndi pamene magetsi abwera madzulo, onse athamangira limodzi. Pa nthawi imeneyo deque yanu idzakhala yopanda kanthu.

Ikani mzerewo mu SQLite, pulogalamu yosunga zinthu m'matebulo amene safufutika laputopu ikazima. Simufunika kukopera kanthu pa intaneti chifukwa sqlite3 imabwera ndi Python kuyambira pa 2.5, ndipo zonse zimakhala mu fayilo imodzi. Pangani tebulo lokhala ndi nambala, mlingo, nthawi yofika, ndi gawo limene thumba lafika. Lotsatira mumalipeza posankha matumba odikira, kuwasanja ndi ORDER BY mlingo, nambala, n'kutenga limodzi ndi LIMIT 1. Mzere umodzi wa pulogalamu umenewu ukuchita ntchito ya heap ya aphunzitsi ndi ma deque awiri a mayi a ku Malindi nthawi imodzi, ndipo wochoka pakati mumangomulemba kuti wachoka.

Chofunika kwambiri, thumba likamalowa m'chigayo musalifufute. Lilembeni kuti likugayidwa, ndipo mudzalilembe kuti latha ufa ukafika m'manja mwa mwini wake. Magetsi akathima chimanga chili pakati, pulogalamu ikadzayaka idzapeza thumba limene linasiyidwa panjira, n'kuyambira pomwepo. Mapulogalamu akuluakulu otumiza mauthenga monga RabbitMQ amachita chimodzimodzi: uthenga suchotsedwa mpaka wolandira atavomereza kuti wamaliza nawo, ndipo akafa asanavomereze umabwerera pamzere.

Mayi wolemba mapulogalamu wa ku Malindi

Ndikugwirizana nazo kwathunthu, ndiwonjezerepo kamodzi kokha. Pa nambalapo mulembe INTEGER PRIMARY KEY AUTOINCREMENT. Popanda liwu lomalizalo, tsiku limene mudzafufute mzere wa m'tebulo wokhala ndi nambala yaikulu kuposa yonse, SQLite ikhoza kuperekanso nambala yomweyo kwa thumba lotsatira, ndipo pakhonde padzakhala matumba awiri olembedwa 57. Komanso musaiwale commit mukasintha chilichonse, apo ayi zosinthazo sizikhazikika mu fayilo.

Wophunzira wa ku Mpondasi

Pepani chifukwa chokhala chete masiku atatu. Ndasamutsira zonse mu SQLite monga munanenera, ndipo dzulo magetsi anathima cha m'ma 2 koloko, thumba la nambala 112 lili pakati. Atabwera cha m'ma 5, laputopu inayaka n'kundionetsa 112 ngati likugayidwa, kenako 113, ndipo mayi amene ankati iye ndiye wotsatira atayang'ana thumba lake anapeza palembedwa 116, anangoseka n'kukhala pansi. Amalume avomera lamulo la matumba atatu, koma akana kuti likhudze maliro.

Chatsala ndi ichi. Makina tili nawo awiri, chokonola ndi chogaya. Wofuna mgaiwa amapita ku chogaya basi. Wofuna gramilu amayamba wakonoletsa, kenako agayitse tsiku lomwelo. Wofuna ufa woyera amakonoletsa, amatenga mphale yake kukaviika kunyumba, n'kudzabwera nayo patapita masiku itauma. Ndaika gawo lina mu tebulo losonyeza makina, ndiye ili ngati mizere iwiri. Koma wa gramilu akachoka ku chokonola, alowe mumzere wa chogaya ndi nambala yake yakale, kapena apatsidwe yatsopano?

Mphunzitsi wa ku Namwera

Ndi nambala yakale adzadumpha onse a mgaiwa amene anafika iye ali ku chokonola, ndipo pa ORDER BY yanu zimenezi zidzachitika zokha popanda kulemba china chilichonse. Ndi yatsopano adzadikira kawiri. Ine ndingasunge yakale kwa wa gramilu chifukwa sanachoke pa chigayo, koma wa ufa woyera wobwera ndi mphale patapita masiku apatsidwe yatsopano, apo ayi adzafika ndi 57 anzake ali pa 300 n'kuwadumpha onse.

Katswiri wa zamagetsi wa ku Monkey Bay

Mukasunga nambala yakale, musaiwale kubweza thumbalo pa gawo lodikira pamene mukusintha makina, ndipo zosintha ziwirizo zikhale mu UPDATE imodzi, lamulo losinthira za m'tebulo, kuti magetsi asadzakupezeni mutasintha chimodzi chokha. Funso langa ndi lakuti, kodi amene amadina batani lotenga thumba lotsatira ndi munthu mmodzi, kapena wa chokonola ndi wa chogaya aliyense ali ndi windo lake?

Wophunzira wa ku Mpondasi

Pakadali pano ndine ndekha, pa windo limodzi. Koma ndikabwerera kusukulu, amalume akufuna kuti anyamata awiriwo azidina okha, ndipo akuganizanso zogula chogaya chachiwiri chaka chamawa.

Katswiri wa zamagetsi wa ku Monkey Bay

Makina osiyana salimbirana thumba limodzi, ndiye panopa muli bwino. Chogaya chachiwiricho chikadzabwera, anyamata awiri akhoza kudina nthawi imodzi, onse n'kuwerenga 113 wina asanalembe kuti walitenga. Poteteza zimenezi, UPDATE yanu ikhale ndi WHERE yonena nambala 113 komanso kuti thumbalo likadali lodikira, kenako muyang'ane rowcount, chiwerengero cha mizere ya m'tebulo imene yasinthidwa. Ikakhala 1 thumbalo ndi lanu, ikakhala 0 mnzanu wakuyambirirani, funsani lotsatira. Mungathe kuyesa lero lomwe potsegula mawindo awiri pa laputopu yomweyo, n'kuika time.sleep(5), yoimitsa pulogalamu masekondi asanu, pakati pa kuwerenga (SELECT) ndi UPDATE kuti mpatawo ukule mpaka muuone ndi maso.